Mwana wanga wapeza ntchito ku Nacala, kodi Mozambique ndi dziko lotani?

Nachisale wa ku Zomba walemba:

Moni nonse. Ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Zomba kuno cha ku Chinamwali. Mwana wanga wachiwiri, amene anaphunzira zokonza makina, wapeza ntchito ku Mozambique, ku doko la Nacala. Akuti anyamuka mwezi wamawa, ndipo akakakhazikika, mkazi wake ndi kamdzukulu kanga ka zaka ziwiri adzamutsatira. Iye chimwemwe chadzaza tsaya. Ine tulo sindikupeza.

Ndinene zoona, Mozambique amene ndimamudziwa ine ndi wa nkhondo. Mu 1988 ndili mtsikana ndinkakhala kwa azakhali anga ku Mulanje, kufupi ndi Muloza, ndipo ndinaona ndi maso angawa anthu akuwoloka malire atavala masaka, ana mimba zitatupa, tsitsi litafiira. Tsiku lina mayi wina anafika pakhomo pathu ali ndi mphika umodzi pamutu ndi mwana kumbuyo. Sanapereke moni, sanapemphe kanthu, anangokhala pansi pa mtengo wa mango. Azakhali anamutengera phala, iye n'kuyamba wamwetsa mwanayo ndi chala, manja akunjenjemera. Zaka zonsezi munthu akangoti Mozambique, ine ndimaona mayi ameneyo.

Ndiye masiku ano pa wailesi tikumvanso za zigawenga ku Cabo Delgado, za zionetsero zitatha zisankho, za namondwe. Ndikamufunsa mwanayu amangoti "amayi musadandaule." Koma iye sanapondeko, akungobwereza zimene amuuza omulemba ntchito.

Ndithandizeni inu amene munafikako kapena mumakhala komweko. Nacala ali pati kwenikweni, ndipo ndi kutali bwanji ndi kumene kukumenyedwa nkhondoko? Anthu ake ndi otani, amayankhula chiyani, amadya chiyani? Dzikolo limadalira chiyani, nanga boma lake limayenda bwanji? Musandibisire choipa pofuna kundikhazika mtima pansi. Ndikufuna ndidziwe kumene magazi anga akupita.

Dalaivala wa ku Balaka wayankha:

Mayi, nkhawa yanuyo ndi ya kholo, palibe angakudzudzuleni. Ine ndayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu zaka 14, njira ya Beira ndi ya Nacala ndimazidziwa ngati njira ya kudimba kwathu.

Choyamba chimene ambiri kwathu kuno sachidziwa n'chakuti dziko limeneli ndi lalikulu zedi. Malawi yense, kuphatikiza nyanja, ndi masikweya kilomita 118,000 ndi pang'ono. Mozambique ndi pafupifupi 800,000. Mutha kuikamo Malawi kasanu n'kamodzi malo n'kutsalabe. Ndipo ndi lalitali, lagona m'mbali mwa nyanja ya mchere kuchokera ku mtsinje wa Rovuma kumalire ndi Tanzania mpaka kumalire ndi South Africa, gombe lokhalo makilomita opitirira 2,400. Chigawo chathu chakummwera chalowa mkati mwake ngati dzanja m'thumba. Mukatulukira ku Mwanza muli ku Mozambique, ku Dedza chimodzimodzi, ku Nsanje, ku Muloza, ku Nayuchi, ku Chiponde, konseko ndi iwo. Ngakhale Likoma ndi Chizumulu azunguliridwa ndi madzi a mbali yawo.

Choncho munthu akakuuzani kuti ku Mozambique kwavuta, muzimufunsa kuti kuti. Kuchoka ku Nacala kupita ku Maputo, likulu lawo, pa msewu ndi makilomita opitirira 2,000. Kwanu ku Zomba n'kufupi kwambiri ndi Nacala kusiyana ndi likulu la dziko lawo lomwe. Ine ndinayamba ndachoka ku Nampula kuli bata, msika uli wodzaza, tsiku lomwelo ku Maputo akuwotcha matayala pamsewu.

Nacala ali kumpoto, m'chigawo cha Nampula. Njira zilipo ziwiri zimene ife timayenda. Ina mumadzera ku Mangochi, kukwera mpaka pa Chiponde, kuwolokera ku Mandimba, kenako Cuamba, Nampula. Inayo ndi ya kwa azakhali anu ija, Muloza, Milange, Mocuba, kenako mumakhotera kumpoto pa msewu wawo waukulu wa EN1. Kuchoka mu mzinda wa Nampula kukafika kunyanja ku Nacala sikukwana makilomita 200, ndipo ndi phula. Chimene chimandisangalatsa pa njira ya Cuamba ndi mapiri a miyala amene amangoti njo pakati pa chigwa cha ku Malema ndi Ribáuè, ena osongoka ngati mano. Mukamayandikira kunyanja mapiri amatha, kumayamba mitengo ya mbibu ndi malambe, ndipo mpweya umayamba kumata pakhungu.

Ndipo mayi, inu Nacala mumamugwira kale m'manja osadziwa. Feteleza wambiri amene timathira m'chimanga amatsikira kumeneko kapena ku Beira. Sitima yaitali ya malasha imene imadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde, ija mumaima kuiwerenga mabogi osatha, imachokera ku Moatize ku Tete, n'kudula pakati pa dziko lathu, kutulukira pa Nayuchi, mpaka ku Nacala-a-Velha, pafupi ndi Nacala. Njanji imeneyo ndi makilomita 912. Dokolo ndi lakuya mwachilengedwe, sitima zikuluzikulu za pamadzi zimalowa osavutika, n'chifukwa chake ntchito za makina ngati za mwana wanuyo zimapezeka.

Nyengo ndiye imasiyana malinga ndi kumene muli. Ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, mwezi wa October ndi November chiwongolero chimawotcha m'manja, madigiri amapitirira 40. Ku Lichinga ndi ku Angónia kumazizira ngati Dedza. Ku Gurué kuli minda ya tiyi patsinde pa phiri la Namuli, mungaganize kuti muli ku Mulanje. Ku Nacala ndi kotentha kwa kunyanja, thukuta losauma.

Za nkhondo: zigawenga zinayambira ku Mocímboa da Praia mu October 2017, ndipo zavuta kwambiri m'maboma a chigawo cha Cabo Delgado, chimene chili kumalire ndi Tanzania, monga Palma ndi Macomia. Kumeneko ndi kutali ndi Nacala, si pafupi. Ine zaka zonsezi sindinamvepo mfuti pa njira ya Nacala. Chimene chinandivutapo ndi pa rodibuloko ina, sinditchula pomwe, pamene anandisunga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka chifukwa chidindo cha pasipoti chinali chosaoneka bwino, akufuna ya "refresco," ndiye kuti ya fanta. Muuzeni mwanayo kuti mapepala ake azikhala m'thumba nthawi zonse, ngakhale akupita kukagula buledi.

Mwana wa ku Domwe wayankha:

Amayi, ndawerenga za mayi wa pansi pa mtengo wa mango uja ndipo ndakhala kaye chete. Akanatha kukhala mayi anga. Ine ndinabadwira ku Angónia, kufupi ndi phiri la Domwe. Mu 1987 tinathawa usiku, ine ndili ndi zaka 8, ndanyamula nkhuku imodzi kukhwapa, ndipo kutacha tinangowoloka msewu wa phula pa Lizulu, basi tili ku Malawi. Anatilandira anthu a mfunda wathu womwe, a Maseko anzathu. Sukulu ndinayambira ku Ntcheu, n'chifukwa chake Chichewa ndimalemba chonchi. Tinabwerera mu 1994, panopa ndimakhala mu mzinda wa Tete. Ngongole ya phala limene azakhali anu anapereka ija tili nayo tonse, ifeyo opitirira miliyoni imodzi amene Malawi anatisunga.

Nkhondo imene munaiona inatha. Inayamba mu 1977, patangopita zaka ziwiri chilandirire ufulu kwa Apwitikizi pa 25 June 1975. Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma, poyamba inkathandizidwa ndi azungu a ku Rhodesia, kenako boma la tsankho la South Africa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ambiri ndi njala. Pa 4 October 1992 pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina mtendere ku Rome, ndipo tsiku limenelo mpaka lero ndi holide kuno. Zinadzayambiranso pang'ono cha ku Gorongosa ndi ku Tete kuno, mwina mukukumbuka anthu amene anathawira ku Kapise ku Mwanza mu 2016, koma mu 2019 anasainanso, ndipo Renamo tsopano ndi chipani chabe cha ku nyumba ya malamulo.

Mwafunsa kuti anthu ake ndi otani. Amayi, mbali yaikulu ndi abale anu. Malire awa anajambula ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ife tilipo kale. Kuno ku Tete, ku Angónia, Macanga, Chifunde ndi Marávia, timayankhula Chichewa, timavina gule wamkulu, ndipo mwezi wa August mafumu athu amapita ku Mkaika ku Zambia ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi limodzi ndi mafumu a ku Malawi. Asena ali mbali zonse za Shire ndi Zambezi. Ayao ali ku Niassa ngati mmene alili ku Mangochi. Alomwe a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe makolo awo anachokera ku Zambezia, ambiri akuthawa ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi imene kuno timaitcha chibalo. Ndipo kumene mwana wanu akupita ndi kwa Amakua, mtundu waukulu kuposa yonse m'dziko muno, amene chiyankhulo chawo ndi pachibale ndi Chilomwe. Kummwera ndiye kuli Achangana, Atswa ndi Aronga, amene amayandikana kwambiri ndi a ku South Africa kusiyana ndi ife. Pakati pali Andau, kumalire ndi Tanzania kuli Amakonde odziwika ndi zosemasema. Kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni, panopa tadutsa 30 miliyoni, ndipo zigawo za Nampula ndi Zambezia ndi zimene zili ndi anthu ambiri. Chimene chimatilumikiza tonse ndi Chipwitikizi. Ndicho cha kusukulu, ku ofesi, kuchipatala, kukhoti.

Za boma ndilankhula monga mwini dziko. Chilandirire ufulu chipani cholamula ndi chimodzi, Frelimo. Apulezidenti takhala nawo asanu: Samora Machel, amene anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini mu October 1986, kenako Chissano, Armando Guebuza, Filipe Nyusi, ndipo kuyambira January 2025 Daniel Chapo. Kuyambira pa Guebuza, aliyense amalamula zaka zisanu, osapitirira maulendo awiri motsatizana, ndipo lamulo limeneli lalemekezedwa. Koma chipani sichinachokepo. Inu ku Malawi mwachotsapo chipani cholamula ndi voti kangapo, mpaka khoti kufafaniza chisankho mu 2020. Ife zimenezo timangozimva, ndipo ndikamauza anzanga kuno ena sakhulupirira.

Nyumba ya malamulo ili ndi mipando 250, koma sitivotera phungu wa dera ngati kwanu. Timavotera chipani, ndipo chipani ndi chimene chimaika mayina pa mndandanda. Ndiye phungu amaopa akuluakulu a chipani kuposa ife omuvotera, mudzi ulibe munthu woti ukamugwire malaya mlatho ukagwa. Zigawo zilipo 10, kuwonjezapo mzinda wa Maputo. Kuyambira 2019 bwanamkubwa wa chigawo amachokera m'chisankho, koma pambali pake pamakhala mlembi wa boma woikidwa ndi pulezidenti, ndipo mphamvu zambiri zili kwa ameneyo. Kumunsi kwenikweni, munthu amene mwana wanu adzakumana naye ndi mlembi wa dera, timati secretário do bairro. Akangopeza nyumba akadzionetse kwa ameneyo, chifukwa kalata yotsimikiza kumene ukukhala imayambira kwa iye.

Chisankho cha pa 9 October 2024 chinatipweteka. Venâncio Mondlane, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, anakana zotsatira, achinyamata anadzaza misewu miyezi itatu, usiku anthu akuimba mapoto m'mawindo, ndipo mabungwe oona za zisankho anawerenga anthu opitirira 300 amene anafa, ambiri ndi zipolopolo. Ena a ku Morrumbala anathawiranso ku Nsanje. Ine ndinamvetsa mkwiyo wa anawo, chifukwa ndili ndi mwana wa digiri amene amagulitsa mayunitsi pamsewu. Koma mwana wanu ndi mlendo. Akaona anthu akusonkhana atseke chitseko, ndipo za ndale azimvetsera chabe, ngakhale pamowa.

NaPhiri wa ku Nampula wayankha:

Amayi, ine ndine wa ku Phalombe, ndinakwatiwa kuno ku Nampula zaka 11 zapitazo, ndipo ku Nacala ndimapita kawirikawiri kukapikula nsomba zouma ndi mchere. Achimwene oyendetsa galimoto afotokoza bwino za misewu, koma pa nkhani ya zigawenga ndiwakonze pang'ono, poti inu mwati tisakubisireni.

N'zoona kuti phata la nkhondoyo lili ku Cabo Delgado. Koma zigawengazo zinawolokapo mtsinje wa Lúrio n'kulowa m'chigawo chathu. Mu September 2022 zinawotcha mishoni ya Chipene m'boma la Memba, n'kupha sisitere wachikulire wa ku Italy, ndipo Memba ndi boma loyandikana ndi Nacala-a-Velha. Anthu othawa kumeneko tawaona, ena anagona pakhonde pa tchalitchi chathu. M'tauni ya Nacala mwenimwenimo anthu akugwira ntchito, ana akupita kusukulu, sitima zikutsitsa katundu. Ine ndimapita ndipo ndimagona komweko. Koma mwana wanu asamapite kumidzi ya kumpoto kukaona malo Loweruka, ndipo afunse omulemba ntchito kuti zitavuta anakonza zotani zochotsa antchito awo. Ndi funso loyenera, asachite nalo manyazi.

Chinanso chimene ine ndimachiopa kuposa zigawenga ndi namondwe. Inu munaona Freddy mu 2023 atafika kwathu ku Phalombe ndi ku Blantyre, koma kumbukirani kuti asanafike kumeneko amayamba watera kuno ali ndi mphamvu zake zonse. Idai anaphwanya Beira mu March 2019. Ife wathu anali Gombe, mu March 2022. Usiku umenewo malata a nyumba yathu anayamba kudzuka kumodzi, bambo a kunyumba anakwera pa tebulo n'kumangirira mtanda wa denga ndi chingwe cha mbuzi ku mwendo wa bedi, ine ndakumbatira ana pansi pa tebulo lomwelo, madzi akulowa pansi pa chitseko. Kutacha mitengo ya mbibu ya apongozi anga, imene inadyetsa banja zaka zambiri, inali itagona mizu m'mwamba. Posankha nyumba ayang'ane denga ndi malo okwera, makamaka poti Nacala ndi wotsetsereka ndipo madzi a mvula amakumba zigwembe. Afunsenso za madzi akumwa, m'madera ena mipopi imauma masiku angapo.

Zinazo ndiye mtima ukhale m'malo. Nsima ilipo, amati xima, koma kuno ambiri amadya ya ufa wa chinangwa, yakuda pang'ono, imene amaitcha caracata, ngati kondowole wa ku Nkhata Bay. Ndiwo yotchuka ndi matapa, chigwada chosinja chophikira mkaka wa kokonati ndi nsinjiro, ena amathiramo nkhanu. Mpongozi wanu akadzalawa adzakuphikirani. Nsomba za m'nyanja ya mchere ndi zambiri, ndipo buledi wawo wamng'ono, pão, amaphika m'mawa uliwonse. Chitenje amati capulana, ndipo amayi a kuno amachilemekeza kuposa ife, wina amavala ziwiri kapena zitatu. Mudzaona amayi atapaka nkhope zoyera ngati ufa, musadabwe, ndi musiro, mtengo umene amaupera pamwala kuti khungu lisalale. Minibasi amati chapa.

M'mbali mwa nyanja Asilamu ndi ambiri, m'bandakucha mumadzuka ndi kuitana kwa ku mzikiti ngati ku Mangochi. Matchalitchi aliponso, Akatolika ndiwo ochuluka, ndipo timakhalirana bwino, pa maliro timakhala mphasa imodzi. Amakua amatsata kuchikazi ngati ife, mwini mbumba ndi malume, ndiye ine ndinafika ngati ndafika kwathu. Tsiku loyamba kumsika ndinayankhula Chilomwe cha agogo anga, mayi wogulitsa tomato anandiyankha, tinamvana ndithu ngakhale mawu ena amasiyana.

Koma Chingerezi kuno sichigula ngakhale mchere. Ayambe lero kuphunzira Chipwitikizi, iye ndi mkazi wake yemwe, chifukwa tsiku limene mwana adzatenthe thupi usiku, namwino adzafunsa m'Chipwitikizi. Malungo ndi ambiri, neti asaiwale. Ndalama ndi metical, ndipo zambiri timalipira pa foni ndi M-Pesa kapena e-Mola. Chomaliza, kukacheza masiku ochepa pasipoti yokha imakwana, koma wogwira ntchito amafunika chilolezo cha ntchito ndi chiphaso cha mlendo wokhazikika chotchedwa DIRE. Aonetsetse kuti kampaniyo yamukonzera zimenezi asananyamuke, osati "tidzakonza ukafika."

Mukadzabwera kudzawaona, apiteni nanu ku chilumba cha Ilha de Moçambique, si kutali. Linali likulu la Apwitikizi mpaka 1898, ndipo kuli katchalitchi kamene anamanga mu 1522, kakadaimabe m'mphepete mwa madzi.

Mphunzitsi wa ku Dedza wayankha:

Mayi, anzangawa ayankha zambiri, ine ndingogwira funso lanu lakuti dzikolo limadalira chiyani, poti ndimaphunzitsa zimenezi ku sekondale ndipo zimandiwawa chaka chilichonse ndikafika pa mutu umenewu.

Mulungu anaika chuma chambiri m'nthaka ya Mozambique. Ku Moatize kuli malasha. Pa Zambezi pali damu la Cahora Bassa, limene linatha kumangidwa mu 1974 ndipo limatha kupanga mamegawati 2,075, kuposa kutalitali magetsi onse amene ife timapanga pa Shire. Ku Montepuez kuli miyala yofiira ya ruby, ku Balama kuli graphite wa m'mabatire, ku Moma amasefa mchenga wa m'mbali mwa nyanja n'kupezamo titanium. Gasi wa ku Pande ndi Temane wakhala akupita ku South Africa pa paipi kuyambira 2004. Ndipo pansi pa nyanja kufupi ndi Palma anapeza gasi wochuluka kwambiri, moti kampani ya TotalEnergies inayamba ntchito ya madola 20 biliyoni, imene inaima mu 2021 zigawenga zitalowa mu Palma. Madoko atatu, Maputo, Beira ndi Nacala, amadyera katundu wa maiko opanda nyanja ngati ife, Zambia ndi Zimbabwe.

Komabe munthu wamba ndi mlimi wa khasu ngati wa kwathu kuno, wa chinangwa, chimanga, nandolo, chitowe, thonje ndi fodya, ndipo dzikolo lili m'gulu la osaukitsitsa pa dziko lonse. Magetsi ambiri a Cahora Bassa amagulitsidwa ku South Africa pamene midzi yoyandikana ndi mawaya ake ikuunikira tochi. Migodi ndi gasi zimafuna makina ambiri, anthu ochepa, ndiye mnyamata wa ku Palma amaona chuma chikudutsa pakhomo pake iye alibe ntchito. Ambiri amene afufuza nkhondo ya Cabo Delgado amati chimenechi ndi china mwa zimene zigawenga zimakolera nacho achinyamata. Pamwamba pa izo, mu 2016 zinaululika kuti akuluakulu ena anakongola mobisa madola pafupifupi 2 biliyoni m'dzina la makampani atatu a boma, ina yake yogula maboti ophera nsomba za tuna. IMF ndi maiko othandiza anaimitsa ndalama, metical inagwa, ndipo anavutika ndi anthu wamba. Amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa kukhoti ku America mu 2024.

Chimodzi chimene mwana wanu achidziwe ngati angadzafune malo: kumeneko nthaka yonse ndi ya boma, malamulo salola kuigulitsa. Munthu amangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, amati DUAT. Wina akadzamuuza kuti "ndikugulitsa puloti," asathamangire kutulutsa ndalama.

Ife a ku Dedza kuno mbatata ya kachewere ndi nyemba zambiri za pamsika wathu zimachokera ku Angónia, ndipo chaka cha njala chimanga cha ku Milange chimalowa pa njinga pa Muloza n'kupulumutsa Mulanje ndi Thyolo.

Nachisale wa ku Zomba wayankha:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndawerenga kawiri, kachiwiri mokweza, mwana ndi mkazi wake atakhala pa mkeka. Pa nkhani ya Memba ija anakhala chete, kenako anatenga foni n'kulembera bwana wake kufunsa za DIRE ndi za dongosolo lochotsa antchito zitavuta. Tagwirizana kuti mkazi ndi mwana asapite mpaka mvula ithe, cha mu April.

Bambo a ku Domwe, azakhali anga aja anatisiya mu 2003. Mayi uja anakhala nafe miyezi isanu ndi iwiri, ankatithandiza kupalira, ndipo pobwerera anasiya mphika wake uja kuti tizimukumbukira. Ukadali kumudzi.

Mayi a ku Nampula, mayi anga anali Mlomwe wa kwa Nazombe, ndipo Chilomwe ndimachimva ngakhale kuyankha kumandivuta. Ndiuzeni, Amakua moni wa m'mawa amapereka bwanji, ndipo ndikadzabwera ndi ufa woyera wa kwathu, pa Muloza adzandilola kuwoloka nawo?